Thumba la krusedi ligwire ndani? Ya Billy Graham yavuta pa gulu

Mlembi wa komiti: Moni nonse abale. Dzulo miting'i tinaisiyira pakati chifukwa cha mvula ija, aku Luwinga ndi aku Zolozolo amaopa kusowa zokwera. Nkhani yomwe inatsala ndi ya mlaliki amene tamuitana pa krusedi ya mu Ogasiti. Watumiza uthenga kuti thiransipoti ndi kogona tilipire ife, pamenepo palibe vuto, koma akutinso chopereka cha usiku womaliza chonse chikhale chake ndipo adzawerenga ndi anyamata ake, chisadutse kwa msungichuma wathu. Ena munavomera ena munakana. Adada aku Chiputula munayamba kunena za mlaliki wa ku America Billy Graham pomwe timabalalika paja, tamalizitsani pompano tonse timve.

Wa Sakramento: Kkkkk abale ndalama za ku Mzuzu konkuno mpaka tikafunse mzungu woti anagona kalekale?

Mayi Msungichuma: Achimwene tadikirani kaye adada alankhule

Adada aku Chiputula: Yewo amlembi. Ndilemba pang'onopang'ono, maso akewa ndi a dzana. Billy Graham anabadwa mu 1918 pafupi ndi Charlotte ku North Carolina, kwawo amaweta ng'ombe za mkaka ndipo iye amadzuka mbandakucha kukakama asanapite ku sukulu. Anatembenuka mtima mu 1934 pa msonkhano wa mlaliki wina dzina lake Mordecai Ham. Koma chimene ndimafuna kunena dzulo ndi cha mu 1948 asanatchuke nkomwe. Anali ku Modesto ku California ndi anzake atatu, Cliff Barrows wotsogolera nyimbo, George Beverly Shea woimba uja ndi Grady Wilson. Anawauza kuti aliyense apite ku chipinda kwake akaganize zinthu zimene zakhala zikugwetsa alaliki oyendayenda. Atakumananso anapeza kuti alemba zofanana, ndalama, akazi, kunyoza mipingo ndi abusa a kumalo komwe wapita, ndi kunama chiwerengero cha anthu obwera. Anapangana tsiku lomwelo kuti pa zinthu zimenezi adzaziikira okha mpanda. Pa ndalama anati zizigwiridwa ndi komiti ya komweko osati mlaliki. Ndiye ine funso langa ndi loti ngati munthu amene anadzalalikira anthu oposa 200 miliyoni anaopa kugwira thumba, ifeyo tikumupatsiranji mlendo wathuyu thumba ndi anyamata owerenga omwe?

Amama aku Zolozolo: Amen adada. Pamenepo mwakhomerera.

Abusa Achinyamata: Adada ndakumvani ndipo ulemu wanu, koma tisaiwale kuti wantchito ayenera kulandira malipiro ake, Baibulo lomwelo likutero. Graham anali ndi bungwe kumbuyo kwake, anthu aku America amatumiza madola pa positi. Mlaliki wathuyu alibe bungwe, ali ndi mkazi ndi ana ndi lendi basi. Mukamuuza kuti asakhudze chopereka adya chani

Mayi Msungichuma: Abusa palibe wanena kuti asadye. Timupatsa ndithu, komiti igwirizane ndalama yake, tiike mu envelopu asayinire. Vuto langa ndi loti awerenge anyamata ake. Ine ndawerengapo chopereka cha panja ndikudziwa mmene zimakhalira, magetsi azima jenereta yatha mafuta, mukuunikira tochi ya foni, ma K50 ndi ma K100 opindapinda ena onyowa ndi thukuta poti agogo anamanga pa nsonga ya chitenje tsiku lonse, mukuwongola imodziimodzi pa benchi muli anthu atatu ochokera mipingo itatu ndipo aliyense amasayina pa kope. Ndalama imeneyo ndi ya mayi wogulitsa tomato mu msika ndi ya achimwene anga a sakramentowa, onyamula anthu pa njinga. Mawa akandifunsa kuti zinasonkhedwa zingati ndidzati kaya anawerenga ndi alendo?

Wa Sakramento: Apo nde mwandikhudza asisi. Yanga ija ndimaipeza nditakwera nayo mtunda wa ku Masasa munthu wa makilo 90 ali kumbuyo kkkk

Wa ku Mzuni: Ndiwonjezere pa zomwe anena adada chifukwa abusa akuganiza kuti Graham anayamba ndi bungwe. Ayi. Poyamba nayenso amalandira chopereka chapadera cha usiku womaliza ngati chomwe akupempha mlendo wathuyu, unali mwambo wa alaliki onse nthawi imeneyo. Bungwe lake la Billy Graham Evangelistic Association linayamba mu 1950. Chaka chomwecho atamaliza krusedi ku Atlanta nyuzipepala ina inaika zithunzi ziwiri moyandikana, china Graham akumwetulira akutsanzika, china othandizira atanyamula matumba a ndalama za chopereka. Zinamupweteka kwambiri. Kuchokera pamenepo anasiya zolandira chopereka cha yekha nkuyamba kulandira salale yokhazikika yoikidwa ndi bodi, ndipo ma krusedi ake akatha komiti imatulutsa lipoti la ndalama loti ma odita aliona. Nde sikuti zinangobwera zokha, anachita kusankha atachita manyazi.

Abusa Achinyamata: Chabwino koma salale imeneyo sinali ya K80,000 pa mwezi ngati ya abusa ena akumudzi kuno

Wa ku Mzuni: Zoona sanali mmphawi, tisanamizane. Anali ndi nyumba yake pa phiri ku Montreat, mabuku ake anagulidwa mamiliyoni. Ine sindikumupanga woyera. Ndikungoti ndalama yake imadziwika kochokera ndipo kunali anthu oti akanatha kumufunsa.

Ankolo aku Joni: Moni kumudzi. Ndalowa mochedwa ndinali pa shifiti. Ine dzina la Billy Graham ndinalimva koyamba kwa malemu agogo anga aamuna aku Mzimba, anali ku migodi ku Kitwe nthawi ya Federation. Mu 1960 Graham anayenda maiko angapo a mu Africa, Liberia, Ghana, Nigeria, kenako anafika ku Bulawayo, Salisbury (pano ndi Harare) ndi ku Kitwe konko asanapite ku Tanganyika, Kenya mpaka Ethiopia. Agogo anapita ndi anzawo aku Nyasaland. Mpaka ukalamba wawo chimene ankakamba si ulaliki wake kwenikweni, ankati mzungu uja amalankhula mau pang'ono nkuima kudikira womasulira, Baibulo lili chotsegula pa dzanja chala chikuloza, koma chachikulu ankati tsiku limenelo azungu ndi akuda analowa msonkhano umodzi pomwe masiku amenewo mu tauni munthu wakuda amagulira nyama pa windo. Akafika pamenepo agogo amangopukusa mutu nkupempha tiyi wina.

Sisi wa Kwaya Luwinga: Eee ankolo nkhani yabwino. Nde ku Malawi kuno kwenikweni amene anthu amamukumbuka ndi Bonnke eti

Adada aku Chiputula: Eya mwana wanga, Reinhard Bonnke wa ku Germany, anachititsa msonkhano waukulu ku Blantyre mu 1986. Koma kalalikidwe kawo kanali kosiyana. Bonnke amapempherera odwala ndipo anthu amachitira umboni pa nsanja. Graham analibe mzere wa machiritso, analibe mafuta kapena madzi ogulitsa, samakuuza nambala ya foni yako. Uthenga wake unali umodzi zaka zonse, munthu ndi wochimwa, Khristu anafera pa mtanda nauka, lapa ubwere. Kwaya iyambe kuimba iye nkupinda manja kuweramitsa mutu kudikira anthu atsike mmipando. Basi.

Wa Sakramento: Nde ku Mzuzu kuno akanabwera ndi zimenezo pa stadium pakanakhala anthu 40 kkkkk. Anthu akufuna maulosi a visa ndi mabanja amwene

Amama aku Zolozolo: Inu musamatinyoze choncho. Anthu ali ndi njala ya Mau koma tikuwapatsa phokoso.

Ankolo aku Joni: Ndipitirize pang'ono za kuno. Ku South Africa Graham anakana kubwera kwa zaka zambiri chifukwa boma la apartheid silimalola msonkhano wosakaniza mitundu. Anadzabwera mu 1973, ku Durban pa Kings Park ndi kuno ku Johannesburg pa Wanderers pomwe panasonkhana anthu pafupifupi 60,000 akuda ndi oyera pamodzi. Amene anavutikira kuti zitheke ndi Michael Cassidy wa bungwe lolalikira la African Enterprise. Madala ena akuno amaikumbukabe.

Wa ku Mzuni: Ankolo pamenepo ndikufuna ndiikepo mbali inayo chifukwa tikangoyamikira tikhala ngati tikuwerenga mbiri ya pa maliro. Zoona ku Chattanooga mu 1953 anachotsa yekha zingwe zolekanitsa azungu ndi akuda, ndipo mu 1957 ku New York anaitana Martin Luther King kuti apemphere pa nsanja yake. Koma pomwe anthu akuda amamenyedwa pa misewu ya ku Alabama iye sanayende nawo pa ziwonetsero, amati zinthu zichitike mwa pang'onopang'ono. Akuda ambiri aku America mpaka lero amati anali ndi mau akulu koma anawagwiritsa ntchito theka. Nde palinso ya Nixon. Anali mnzake wa pamtima wa pulezidenti Richard Nixon, ndipo mu 1972 anajambulidwa pa tepi mu ofesi ya Nixon akuyankhula zonyoza Ayuda. Matepi atatuluka mu 2002 anapepesa poyera. Munthu anadziteteza ku ndalama ndi akazi koma pa State House anaterereka.

Abusa Achinyamata: Mwaona? Nde munthu ameneyu ndi amene mukutiyezera mlendo wathu?

Adada aku Chiputula: Abusa, mnyamatayu wanena zoona ndipo ndakondwa kuti wazinena iye. Pa mpanda wa ku Modesto paja ndale sanaziikepo, ndipo mbuzi inalowera pomwepo. Iye mwini atakalamba anafunsidwa chimene akanasintha, anati akanatalikirana ndi ndale komanso akanakhala nthawi yambiri ndi banja lake. Mkazi wake Ruth, amene anabadwira ku China poti bambo ake anali dokotala wa mishoni kumeneko, analera ana asanu pafupifupi yekha bambo ali mmaulendo miyezi ndi miyezi. Koma taonani, pamene anaika mpanda anayenda zaka zoposa 60 popanda mlandu wa ndalama kapena wa mkazi, mmene anzake ena otchuka a pa TV anagwa mmodzimmodzi cha mma 1980. Pamene sanaike mpanda anagwa. Kwa ine zimenezo zikundiuza kuti nkhani si kuyera kwa munthu. Mlendo wathu akhoza kukhala woyera kuposa Graham, komabe thumba lisakhale mmanja mwake.

Amama aku Zolozolo: Ya ndaleyo itikhudzenso ife. Chaka cha kampeni chija tinaona ndi maso athu, wandale wabwera mochedwa ulaliki uli mkati, mlaliki kuimitsa uthenga kuti tiwaombere mmanja bwana, bwana apatsidwa maiki mphindi 30 nkusiya envelopu. Ine ndinanyamula chitenje changa nkumapita. Pa krusedi yathuyi ndikupempha amlembi mulembe, wandale akabwera akhale pa benchi ngati wina aliyense.

Mlembi wa komiti: Ndalemba amama.

Wa Sakramento: Ngakhale atalonjeza kulipira ma sipika ndi tenti?

Amama aku Zolozolo: Makamaka akalonjeza zimenezo

Sisi wa Kwaya Luwinga: Ine ndili ndi funso pa lamulo la akazi lija. Ndinamva kuti Graham samakwera galimoto, kudya kapena kukhala mu ofesi awiriwiri ndi mkazi yemwe si wake. Amuna mumalikonda lamulo limeneli koma mwaganizapo mmene limatipwetekera ife? Ine ndikafuna uphungu kwa abusa ndiye ndizibwera ndi mboni? Mtsikana wa mphatso ya ulaliki aphunzira bwanji ngati akuluakulu onse akumuthawa ngati ndi yesero loyenda ndi miyendo. Anyamata amakwera nawo galimoto ya abusa kupita ku Ekwendeni, ku Rumphi, akuphunzira mnjira, ife timatsala tikusesa mu tchalitchi.

Mayi Msungichuma: Asisi mwanena zomwe zinali kukhosi kwanga. Komabe mbali inayi ndaonanso atsikana akulira chifukwa cha ma pemphero a usiku ku lodge. Ine ndimati chitseko chikhale chotsegula, amayi a abusa kapena mayi wina wamkulu akhale pa khonde, uphungu uchitike. Kuthawa akazi ayi, kutseka chitseko ayinso.

Wa ku Mzuni: Chosangalatsa nchakuti mwana wake wamkazi Anne Graham Lotz ndi mlaliki, ndipo bambo akewo ankati ndi amene amalalikira bwino kuposa onse pa banja lawo. Koma bungwe linapita kwa mwana wamwamuna Franklin, amene ndale zomwe bambo ake ananong'oneza nazo bondo iye wazikumbatira ndi manja awiri.

Sisi wa Kwaya Luwinga: Mwaonatu kkkk. Zili ngati kwathu komwe kuno

Abusa Achinyamata: Ok tiyeni tibwerere ku nkhani. Ine nkhawa yanga ndi yoti tikamulembera zonsezi mlendoyu akana kubwera, ndipo dzina lake ndi lomwe likoke anthu. Tasindikiza kale mapositala ena. Graham yemweyo anatchuka chifukwa cha dzina ndi manyuzi, musaiwale. Ku Los Angeles mu 1949 msonkhano wa mu tenti unali wa masabata atatu, mwini manyuzipepala William Randolph Hearst atalamula atolankhani ake kuti amukweze unafika masabata 8. Popanda kutchuka kumeneko bwenzi tikumukamba pano? Anthu amatsata dzina abale, tisazinamize.

Adada aku Chiputula: Abusa mwawerenga ndithu. Dzina limakoka anthu, sindikana. Ku London mu 1954 anakhala masabata 12 pa Harringay, ku New York mu 1957 masabata 16 pa Madison Square Garden, ku Seoul mu 1973 tsiku lomaliza kunali anthu oposa 1 miliyoni malo amodzi. Koma mukudziwa kuti iye samapita mu mzinda pokhapokha mipingo ya komweko itagwirizana kumuitana? Ndipo anthu ake amafika miyezi yambiri iye asanafike, kudzaphunzitsa alangizi ndi kukonza magulu a mapemphero. Munthu akabwera kutsogolo amakumana ndi mlangizi, amalemba khadi, dzina, kokhala, mpingo umene akufuna, ndipo khadi limenelo limafika kwa mbusa wa dera lake mmasiku ochepa kuti akamuyendere. Amene anamuthandiza kukonza dongosolo limeneli ndi Dawson Trotman wa bungwe la chikhristu la Navigators. Graham samayambitsa mpingo wake, anthu amawabweza ku mipingo yomwe ilipo. Ena mpaka anamuda chifukwa cha zimenezo, anzake akale ngati Bob Jones anamutaya poti amagwira ntchito ndi mipingo imene iwo amaiona yosayera. Funso langa kwa komiti, ifeyo alangizi taphunzitsa angati? Ogasiti ali pakhomo.

Mlembi wa komiti: Kunena zoona adada sitinayambe. Bajeti yonse yapita ku ma sipika, tenti, mafuta a jenereta ndi kwaya yobwera.

Amama aku Zolozolo: Ndiye ndikuuzeni za makhadi poti adada atchula. Krusedi ina ya mmbuyomu, sinditchula ya ndani, tinalembetsa anthu usiku uliwonse, ine ndinali mmodzi wa olemba, kuzizira kwa Julaye kuja zala zitauma cholembera chikukana, anthu akulira ena ataledzera ena anabwera ndi ana kumsana. Tinadzadza katoni ya sopo. Mlaliki anapita, pa Facebook analemba kuti miyoyo masauzande yapulumuka ku Mzuzu. Patapita chaka tikukonza mu stoo ya tchalitchi china tinaipeza katoni ija pansi pa mabenchi othyoka, chiswe chitadya pansi ponse, mapepala atamatana ndi chinyontho, maina ena akuwerengeka ndithu, wina analemba kuti ndimakhala kuseri kwa chigayo ku Mchengautuwa chonde mubwere. Palibe anapita. Mpaka lero ndikadutsa pa chigayo chimenecho ndimayang'ana kumbali.

Sisi wa Kwaya Luwinga: Mayo ine

Wa Sakramento: Eish amama mwandikhumudwitsa. Zoseka ndasiya. Ine ndinabwerapo kutsogolo pa msonkhano wina ndisanakwatire, ndinalemba dzina ndi nambala, palibe anaimba. Amene anandikokera ku tchalitchi ndi mdala wina amene ndinkamunyamula Lamulungu lililonse kuchokera ku Chibavi, amandilipira nkundiuza kuti ingolowa umve kwaya njinga ndikuyang'anira.

Abusa Achinyamata: Ya makhadiyo ndavomereza, ndi manyazi athu tonse abusa. Koma ya ma nambala ija adada, kodi ndi bodza ukanena kuti anthu 5,000 anabwera pomwe unangoyerekeza ndi maso?

Wa ku Mzuni: Abusa gulu la Graham linapangana kuti lizitenga chiwerengero kwa apolisi kapena kwa eni bwalo osati kuyerekeza okha. Ndipo anthu obwera kutsogolo samawatchula kuti otembenuka, amati ofunsa, poti za mu mtima amadziwa ndi Mulungu. Kuno timajambula chithunzi pakona pomwe pali anthu ambiri nkutumiza kwa ma donor.

Ankolo aku Joni: Kkkkk mphwanga wanena mosapsatira. Kuno nkoposa, munthu amachita hayala mabasi kuti kanema aoneke bwino.

Adada aku Chiputula: Ndikufuna ndinenenso kanthu kena kuti ana asaganize kuti zonse zabwino zinachokera ku America. Kumpoto kuno misonkhano ya panja tinaidziwa Graham asanabadwe. Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia amasonkhanitsa anthu zikwizikwi ku Ekwendeni cha mma 1898 ndipo kenako ku Loudon komwe timati Embangweni, anthu amayenda wapansi masiku, kumanga misasa, kukhala sabata yathunthu. Ndipo asanabatizidwe munthu amakhala mu kalasi zaka, akulu a mpingo akumudziwa dzina ndi mudzi wake. Fraser yemweyo amalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo mmaimbidwe awo, zina tikuimbabe lero mmatchalitchi mwathu. Ndiye zoyendera munthu pambuyo pa msonkhano si zachilendo, makolo athu amazichita opanda foni opanda njinga. Ife tili ndi WhatsApp koma katoni ikudyedwa ndi chiswe.

Sisi wa Kwaya Luwinga: Adada ya nyimboyo ndiye nane ndidandaule, bwanji tikulipira kwaya yochokera kutali pomwe makwaya a mipingo yathu atha kuphatikizana? Graham amabwera ndi Shea ndi Barrows koma kwaya yaikulu ija imakhala ya anthu a mipingo ya mu mzinda womwewo. Ndalama ya basi ya kwaya ipite ku maphunziro a alangizi.

Mayi Msungichuma: Imeneyo ndasekondera ndi manja ndi miyendo yomwe

Wa ku Mzuni: Komanso pa funso loti anasiya chani, ine ndimaona kuti si ma stadium. Mu 1974 anaitanitsa msonkhano ku Lausanne ku Switzerland, atsogoleri ochokera maiko pafupifupi 150, ndipo kumeneko anthu aku Latin America ndi aku Africa anakakamira kuti uthenga usasiyane ndi nkhani za umphawi ndi chilungamo, mbusa wa ku England John Stott nkuzilemba mu pangano la msonkhanowo. Kenako ku Amsterdam mu 1983, 1986 ndi 2000 anasonkhanitsa alaliki oyendayenda masauzande, ambiri ochokera maiko osauka ngati lathu, oyenda pa njinga ndi wapansi, kuwaphunzitsa. Ndipo Cassidy amene atchula ankolo uja anayambitsa African Enterprise atakhudzidwa ndi utumiki wa Graham, bungwe lomwelo ndi limene anatsogolera malemu Stephen Lungu kuno ku Malawi mpaka anadzakhala mkulu wa bungwe lonse. Nde ulusi wake umafika mpaka kwathu kuno ngakhale ambiri sitidziwa.

Amama aku Zolozolo: A Lungu ndinawamvapo ndi makutu anga. Munthu woti anakulira mmisewu ya ku Salisbury akugona pansi pa mlatho, anapita ku tenti ndi mabomba a petulo kuti akaotche nkutembenukira komweko. Amalalikira akuseka akulira. Anatisiya mu 2021 nthawi ya Covid ija. Amenewo analibe ma bodyguard.

Wa Sakramento: Nanga Graham yo anamwalira liti, ine ndimayesa kalekale

Wa ku Mzuni: Ayi amwene, pa 21 February 2018 ali ndi zaka 99. Krusedi yomaliza anachita ku New York mu 2005. Bokosi lake linali la mapulanga wamba, anakhoma ndi akaidi a ndende ya Angola.

Wa Sakramento: Angola yomweyi ya ku Luanda??

Wa ku Mzuni: Kkkk ayi ndi dzina la ndende ku Louisiana ku America konko

Abusa Achinyamata: Chabwino abale ndamva. Sindinasinthe maganizo pa mfundo yoti tikuyerekeza munthu wa bungwe la madola ndi mlaliki wa kwathu wovutika, ndipo ndikuopabe kuti akana. Koma ya kuwerenga ndalama ndagonja, awerenge a komiti. Pempho langa ndi loti envelopu yake ikhale yaulemu, tisamupatse ya sopo ngati wabwera kudzalima ganyu, ndipo timuuze ndalama yake asananyamuke kwawo kuti asankhe yekha.

Mayi Msungichuma: Pamenepo tagwirizana abusa. Ndibweretsa bajeti Loweruka tione pomwe tingadule. Ndipo lipoti la ndalama ndidzalimata pa bolodi la mpingo uliwonse krusedi ikatha, ndi pa gulu pano ndidzaponya chithunzi chake.

Ankolo aku Joni: Ine ndithandiza kusindikiza makhadi, nditumiza pa Mukuru kwa amsungichuma. Koma ndikufuna aliyense wolemba khadi adziwike dzina ndipo adada mukhale oyang'anira katoniyo, isakagonenso mu stoo.

Adada aku Chiputula: Katoni isakhaleponso mwana wanga. Usiku uliwonse tikatseka makhadi agawidwe pompo malinga ndi dera, a Chibavi kwa a Chibavi, a Katawa kwa a Katawa, a Ching'ambo chimodzimodzi, mpingo uliwonse usayinire omwe watenga ndipo pakatha masabata awiri tidzafunsane mmodzimmodzi. Ine miyendo yatha koma Chiputula ndiyenda.

Wa Sakramento: Adada ndidzakunyamulani ulere, bola musadzandilalikire pa mtunda ndikupuma movutika kkkk

Mlembi wa komiti: Ndalemba izi, kalata kwa mlaliki ndilemba usiku uno abusa muione musanagone, kwaya yobwera taimitsa kaye, mpingo uliwonse ubweretse maina a alangizi 10 Loweruka 2 koloko, amuna ndi amayi. Funso lomwe palibe wayankha ndi la abusa lija, akakana kubwera alalikira ndani?

Sisi wa Kwaya Luwinga: Amama aku Zolozolo

Amama aku Zolozolo: Iwe mwana usandiyambe. Koma abusa athu ali 6 mu komiti muno, aliyense atenge usiku wake, wotsala atsogolere mapemphero. Mapositala osindikiza kalewo timata pepala pa nkhope.

Abusa Achinyamata: Amama nkhope ya munthu wa Mulungu simatidwa pepala kkkk tidikire kaye ayankhe